Kodi ma Dockers ndi mwana wa ndani, South kapena East Fremantle?

Mayi a Tamanda: Abale ndithandizeni nkhani iyi. Mwana wanga wamwamuna wayamba kusewera footy ku timu ya ana kuno ku Spearwood, pafupi ndi Fremantle ku Australia, nde kochi wawo akuti akapitiliza bwino adzapita ku South Fremantle chifukwa dera lathu lino ndi la South. Ine timu ya Fremantle yomwe ndimaidziwa ndi ma Dockers ovala pepo aja timawaonera pa TV, pano ndikumva kuti kuli South Fremantle, kulinso East Fremantle, kodi onsewa ndi amodzi kapena bwanji?

Malume a ku Hilton: Mayi a Tamanda si amodzi ayi, ndi matimu atatu osiyana, ndipo amene mumawaonera pa TV wo ndi amene ali aang'ono pa onse. East Fremantle inayamba 1898, South Fremantle 1900, pomwe ma Dockers angolowa mu AFL, ligi yaikulu ya dziko lonse la Australia, posachedwapa mu 1995. East ndi South amasewera mu WAFL, ligi ya kuno ku Western Australia. Mwana wanuyo akachita bwino ku South, matimu a AFL adzamutola kumeneko pa draft, nthawi yomwe matimuwo amasankha osewera atsopano mosinthana, koma dziwani kuti atha kutengedwa ndi timu iliyonse olo ya ku Melbourne kapena ku Brisbane, ma Dockers alibe mphamvu yonena kuti uyu ndi wathu chifukwa chakuti wakulira ku Fremantle.

Chikondi wa ku Chilomoni: Akuluakulu ife tili kumudzi kuno tisatsalire, footy yo ndi rugby kapena?

Dalitso: Ayi achimwene si rugby, mpira wake ndi wofananako koma masewero ake ndi ena. Bwalo ndi lozungulira ngati la cricket, mbali iliyonse anthu 18, mitengo inayi uku inayi uko. Ukamenya ndi phazi nkudutsa pakati pa mitengo iwiri yaitali ija ndi mapointi 6, ukadutsa m'mbali ndi pointi imodzi. Kuponya ndi manja nkoletsedwa, umachita kuumenya ndi chibakera. Mukaonere pa YouTube muzimvetsa msanga.

Malume a ku Hilton: Ndipitilize pang'ono chifukwa ubale wa matimuwa unayamba kalekale. M'zaka za m'ma 1890 kunali timu ina yotchedwanso Fremantle, poyamba inkatchedwa Unions, inkatenga zikho chaka ndi chaka mpaka inakwanitsa 10. Ndalama zitavuta inatha mu 1899, nde anthu a ku doko sanalole kuti akhale opanda timu, chaka chotsatira anayambitsa South ndipo osewera ambiri a timu yakufayo anangosamukira komweko, jezi yofiira ndi yoyera ija anatengera komweko. East nayo inatuluka mu timu ina yomwe inatha, ya Imperials. Kunalinso North Fremantle kutsidya la mtsinje wa Swan, inasewera mu ligi yaikulu kuyambira 1901 mpaka 1915, anyamata ake ambiri atapita ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse timu inalephera kupitiliza. Dzinali lilipobe koma pano amasewera ligi ya ma amateur. Mukawerenga zikho 34 zoyambirira za ligi ya kuno, 24 zinapita ku matimu a ku Fremantle, tauni yaing'ono ya pa doko kumazunza mzinda wonse wa Perth.

Bambo a Chiko: Malume mwafotokoza bwino koma mwadumpha dala chinthu chimodzi, zikho zambiri mwa zimenezo ndi za East. Timu yomwe ili ndi zikho zambiri mu WAFL monse ndi East Fremantle, mu 2023 tinafikitsa 30, ndipo chaka chimenecho tinalibe ndi bwalo lomwe chifukwa lathu ankalimanganso, magemu apakhomo tinkasewerera ku WACA, bwalo la cricket la ku Perth. Mu 1946 East inamaliza sizoni yonse osaluza olo gemu imodzi, kuchokera 1945 kufika 1947 anawina magemu 35 motsatizana. Mayi a Tamanda mukanakhala cha kuno ku Palmyra kapena Melville mwana wanuyo bwenzi akupita ku timu yeniyeni ya buluu ndi yoyera.

Malume a ku Hilton: Sindinadumphe aphwanga, ndimafika. Zoona East ili ndi zikho zambiri, palibe angatsutse. Koma 35 yanuyo itangotha anabwera ndani? South inatenga chikho 1947, 1948, 1950, 1952, 1953 ndi 1954, kasanu ndi kamodzi pa zaka 8 zokha. Bernie Naylor anagoletsa zigoli 23 gemu imodzi ndi Subiaco mu 1953. Ndipo inuyo kuti mutengenso chikho mu 1957 munachita kudzatenga munthu wathu Steve Marsh kuti akhale kochi komanso kaputeni wanu. Ubale womwe ndikunena ndi umenewu, matimu awiriwa amadana pa bwalo koma anthu ake ndi amodzimodzi, mabanja omwewo, ena ogwira ntchito limodzi pa doko kutsitsa katundu m'sitima, Loweruka nkumakakumana wina atavala zofiira wina zabuluu.

NaBanda: Ine za mbiri sindizidziwa kwambiri koma ndimagwira ntchito pafupi ndi Fremantle Markets nde ndimadutsa pa Fremantle Oval pafupipafupi. Panja pa geti pali chiboliboli cha anthu awiri, wina wakwera pamapewa pa mnzake manja ali m'mwamba wagwira mpira, wapansiyo wawerama ndi kulemera. Alendo ambiri amaima pamenepo nkumajambulitsa. Kumbuyo kwake kukuoneka sitandi yakale ija ya matabwa ndi khoma la ndende yakale chapamwamba. Amene aja ndi ndani malume?

Malume a ku Hilton: Achemwali wapamwambayo ndi John Gerovich wa South, wapansiyo ndi Ray French wa East, zinachitikadi pa preliminary final, gemu yolowera mu fainolo, ya 1956, wojambula anazigwira nde chiboliboli anachitengera pa chithunzicho. Sitandi mukunenayo ndi Victoria Pavilion, ya 1897. Dzina la Gerovich lo likuuzeni kanthu za South, inali timu ya anthu obwera, ma Croatian ndi ma Italian omwe ankapha nsomba ndi kulima ndiwo zamasamba cha ku Spearwood komwe kuli Mayi a Tamanda ko. Maina ngati Sumich ndi Jakovich anatuluka m'mabanja amenewo. Komanso South inatsegula khomo kwa ma Aboriginal nthawi yomwe ena ankachita nazo ulesi. Maurice Rioli anachokera ku Tiwi Islands kumpoto kwenikweni kudzasewera kuno asanapite ku Richmond komwe anakatenga Norm Smith Medal, mphoto ya wosewera bwino pa fainolo, mu 1982. Stephen Michael anatenga Sandover Medal, mphoto ya wosewera bwino pa sizoni mu WAFL, mu 1980 ndi 1981, matimu a ku Victoria anamunyengerera koma iye anakana, anasewera South moyo wake wonse. Chifukwa cha zimenezi ine wobwerane ndinaona kuti timu yanga ndi imeneyi.

Bambo a Chiko: Apo sinditsutsa, Stephen Michael olo ife a East timamupatsa ulemu. Koma onjezerani za 1979 malume. Fainolo ya chaka chimenecho inali East ndi South pa Subiaco Oval, anthu analowa 52,781, mpaka lero palibe gemu ya WAFL yomwe inaposa pamenepo, ndipo East inawina ndi mapointi 33. Ganizirani matimu awiri ochokera kadera kamodzi, mabwalo awo ungoyenda wapansi kuchoka pena kufika pena, kudzadza sitediyamu yonse. South inadzatenga chaka chotsatira 1980 ndi kochi Mal Brown. Nthawi imeneyo West Coast Eagles, timu ya AFL ya ku Perth ija, kunalibe, Dockers kunalibe, mpira waukulu kuno unali umenewu.

Chikondi wa ku Chilomoni: Nde ngati anali amphamvu choncho bwanji sanalowe okha mu AFL mo, mpaka kuchita kupanga timu ina yatsopano?

Dalitso: Anayesa achimwene. Eagles italowa mu 1987, East ndi South anayamba kukambirana zoti aphatikizane alowe ngati timu imodzi. Vuto loyamba Eagles inapatsidwa pangano loti kwa zaka zingapo kusakhale timu ina yochokera kuno, mpaka kumapeto kwa 1992. Vuto lachiwiri bungwe loyendetsa mpira kuno, West Australian Football Commission, silinakonde dongosolo lomwe matimu awiriwa ankafuna. Nde mu December 1993 AFL inalengeza kuti kubwera timu ya ku Fremantle, laisensi yake 4 miliyoni dollars, koma mwini laisensi ndi Commission yo osati East kapena South. Mpaka lero malaisensi a Eagles ndi Dockers onse ali m'manja mwa Commission. Kochi woyamba Gerard Neesham anamutenga ku Claremont, timu ina ya mu WAFL, ndipo anabwera ndi anyamata ake ambiri a ku Claremont komweko.

Chikondi wa ku Chilomoni: Ndamva tsopano. Zili ngati kuwauza Maule ndi Manoma kuti phatikizanani mukhale timu imodzi ya Blantyre muvale jezi imodzi, olo mabwana atasainirana masapota sangalole, kungakhale chipwirikiti ku Ndirande.

Bambo a Chiko: Mwalasa achimwene. Agogo ena omwe ndimakhala nawo pafupi pa bwalo amanena mosabisa kuti iwo kuimba nyimbo imodzi ndi munthu wa South sangathe, bola kungokhala mu WAFL momwemo.

Mphatso wa ku Adelaide: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndilowepo, chifukwa kuno ku South Australia nkhani yomweyi inayenda mosiyana. Port Adelaide nayonso ndi timu ya pa doko, inayamba 1870, zikho 36 mu SANFL, ligi ya kuno. Iwo sanadikire kuti wina awapangire timu. Mu 1990 anakakambirana ndi AFL mwamseri kuti alowe okha, matimu ena a SANFL anakwiya mpaka nkhani inafika ku khoti, mapeto ake ligi inapanga timu yatsopano ya Adelaide Crows mu 1991 Port nkutsala panja. Sanagwe ulesi, analimbikirabe mpaka analowa mu 1997, mu 2004 anatenga chikho cha AFL. Analipira mtengo wake, dzina la Magpies ndi jezi yawo yakuda ndi yoyera anakanizidwa chifukwa Collingwood inati zimenezo nzathu, nde anakhala Power nkuonjezera mtundu wina pa jezi, ndipo kwa zaka zingapo Magpies ya mu SANFL ndi Power ya mu AFL zinkayendetsedwa padera mpaka anaziphatikizanso mu 2010. Koma ukapita ku Alberton Oval lero mwana ndi agogo ake amasapota timu imodzi, mbiri yake sinaduke. Inu kumeneko mwana akusapota Dockers, agogo ali ku East, bambo ali ku Eagles. Ine ndimaona kuti Fremantle inaluza chinthu chachikulu pamenepo.

Malume a ku Hilton: Mphwanga wanena zomwe zimandiwawa ine. Ndipo za Eagles zo anthu ambiri obwera kumene samazimvetsa, amadabwa kuti bwanji munthu wobadwira mkati mwa Fremantle akusapota West Coast. Chifukwa chake nchoti Eagles inabwera zaka 8 Dockers isanabadwe ndipo inatola ana athu onse abwino. John Worsfold kaputeni wa zikho za 1992 ndi 1994 ndi wa South. Peter Matera yemwe anatenga Norm Smith mu 1992 ndi wa South. Peter Sumich ndi Glen Jakovich a South. Chris Mainwaring wa East, kenako Ben Cousins naye wa East. Nde munthu amene anamuona Worsfold akukula pa Fremantle Oval mumuuza bwanji kuti asiye kumutsatira chifukwa kwabwera timu ina yovala pepo ndi nangula pachifuwa? Anthu anatsatira ana awo.

Kondwani wa ku Mandurah: Pepani akuluakulu koma ma Dockers mukuwaponda mopyola. Ine ndine wa pepo ndipo sindikuvomereza zoti timuyi ilibe mizu ku Fremantle. Mphoto ya wosewera bwino pa chaka ku Dockers imatchedwa Doig Medal, kulemekeza banja la Doig lomwe anthu ake ambirimbiri anasewera ku East ndi ku South komwe, George Doig wa East ankagoletsa zigoli zoposa 100 sizoni iliyonse kwa zaka 9 zotsatizana. Akanafuna akanaitcha dzina la munthu wawo koma anasankha banja lomwe limalumikiza matimu onse awiri. Jezi yomwe akuvala kuyambira 2011, ya mizere yooneka ngati V ija, anaitengera ku jezi ya timu yakale ya Fremantle ya m'ma 1880. Likulu lawo linakhala pa Fremantle Oval zaka zambiri limodzi ndi South, timu ya amayi ya AFLW imasewera pomwepo. Osewera nawo, Peter Bell ndi mwana wa South, Dockers inamusiya 1995 itatha, anakatenga zikho ziwiri ku North Melbourne nkubwereranso kudzakhala kaputeni. Aaron Sandilands ndi Paul Hasleby ndi ana a East. Nde mukati alibe ubale mukutanthauza chani?

Malume a ku Hilton: Sindinati alibe ubale mphwanga, ndikuti ubale wake ndi wa dzina ndi zikumbutso, pa zinthu zenizeni anatisiya. Mu 2017 anasamuka pa Fremantle Oval kupita ku Cockburn. Gemu ya amuna ya mu ligi amasewerera ku Perth, kale ku Subiaco pano ku Optus Stadium. Ndipo chomwe chimandipweteka koposa, osewera awo omwe sanasankhidwe sabata imeneyo kuyambira 2014 amapita kukasewerera Peel Thunder, timu ya mu WAFL ya ku Mandurah kwanuko, makilomita oposa 50 kuchoka pa doko. Kale ankawagawa ku matimu omwe anachokera, mwana wa South akatsika ku AFL umamuonanso atavala zofiira Loweruka masana, ana nkumuthamangira pa bwalo. Lero mwana yemwe tamulera ife, tamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 14, akubwera atavala jezi ya Peel kudzatimenya pakhomo pathu. Peel yomwe inkangokhala kumunsi kwa tebulo chilowereni mu 1997, mwadzidzidzi yatenga chikho 2016 ndi 2017 itadzadza ndi ma professional a Dockers.

Kondwani wa ku Mandurah: Malume nanga akanasankha ndani? Akanati South, a East akanalira kuti mwatikondera adani athu. Akanati East, inuyo bwenzi mukulemba ma paragraph aatali kuposa awa. Ndipo kochi amafuna anyamata ake onse azisewera pamodzi sitayilo imodzi, osati wina uku wina uko aliyense kumva za kochi wina. Komanso ife kuno ku Mandurah ndi anthu, ana athu nawo amafuna kuona osewera akuluakulu pafupi.

Bambo a Chiko: Pa ichi chokha ine ndili mbali ya malume. Ma Dockers angokhala ndi timu yawo yachiwiri ngati momwe Eagles inachitira mu 2019, Peel iime payokha ndi ana a ku Mandurah, tione ngati angalimbe. Koma East kukhala nthambi ya timu ina, zimenezo ayi, tili ndi dera lathu mpaka ku Geraldton ndi Northampton komwe kunachokera Josh Kennedy ndi Patrick Cripps, sitikusowa ana.

Dalitso: Vuto ndi loti timu yachiwiri ya Eagles yo yakhala ikumenyedwa koopsa mu WAFL, sizoni ina osapeza ndi chipambano chomwe, nde nayonso si njira yophweka. Chomwe ine ndimaona nchoti ndalama zonse ndi TV zili ku AFL, matimu akalewa akukhalira ma bar, ma sponsor ang'onoang'ono ndi zomwe Commission yawagawira kuchokera ku ndalama zomwe Eagles ndi Dockers amapereka. Ndiye kuti Dockers ikachita bwino East ndi South nawo amadyako, ikavutika nawonso amamva kuwawa. Amangidwa chingwe chimodzi olo asafune.

NaBanda: Ine ndinayamba kusapota Dockers mu 2013 chifukwa cha Tendai Mzungu, anzanga a ku Zimbabwe kuntchito ankamunyadira kwambiri poti bambo ake ndi a kwawo. Sabata ya fainolo ija South Terrace yonse inali pepo yekhayekha, mashopu, ma cafe, agalu omwe atawamanga masikafu. Titaluza ndi Hawthorn ndi mapointi 15 ndinaona abambo ena achikulire atavala kapu ya East Fremantle ndi sikafu ya Dockers atakhala pa benchi akulira osabisa nkhope. Nde olo malume mukuti anthu akale sanailandire timuyi, alipo ena anailandira ndi mtima wonse.

Malume a ku Hilton: Alipo achemwali, sindikana, ndipo tsiku lomwe Dockers idzatenge chikho choyamba nanenso ndidzakhala mu msewu momwemo. Pa Western Derby, gemu ya Dockers ndi Eagles, sindingasapote Eagles olo anatenga ana athu, ndikukumbuka momwe zinkawawira magemu 9 oyambirira onse Eagles ikuwina mpaka 1999. Koma chimwemwe chomwe ndinamva mu 2020, fainolo ya WAFL itachitikira pa Fremantle Oval penipeni chifukwa cha covid, South nkuimenya Claremont ndi mapointi 3 okha, siren italira anthu tonse kudumpha mpanda kulowa m'bwalo kukakumbatira osewera, zimenezo ku Optus Stadium sungazipeze. Ku WAFL pa break umalowa m'bwalo nkukaima pafupi kumamvera kochi akukalipira anyamata ake, ana akumenya mpira wawo pambali.

Mphatso wa ku Adelaide: Nanga derby ya East ndi South imachitikabe mwamphamvu? Ndikufuna ndidzaione ndikadzabwera ku Perth.

Bambo a Chiko: Imachitika amwene, yaikulu ndi ya pa holide ya WA Day, Lolemba loyamba la June, akale amaitchabe Foundation Day derby. Anthu safikanso ngati kale koma pa magemu a WAFL ndi imodzi mwa yomwe imadzadza. Ukadzabwera undiuze msanga ndidzakupezera sikafu ya buluu usanakumane ndi malume.

Malume a ku Hilton: Adzasankha yekha akadzaona mpira. Amene mukufuna kupita nawo chaka chino lembani maina pansipa, galimoto yanga ili ndi malo a anthu atatu kuchokera ku Hilton, enanu kwerani sitima mutsikire pa Fremantle station tidzakumana pa geti. Kondwani nawenso ubwere, koma jezi ya Peel uisiye ku Mandurah.